Amalipira filimu, koma nyimbo zanga amazifuna zaulere

Funso: Ndine mayi wa ku Bangwe, ndimayimba nyimbo zauzimu. Ndinajambula chimbale ndi ndalama zokongola ku banki m'khonde. Anthu akuziyamikira nyimbozo, koma ndikati agule amangoti "tatitumizireni pa WhatsApp". Anthu omwewo salephera kulipira GOtv mwezi ndi mwezi, ndipo ana awo amapereka ndalama pakhomo kuti aonere filimu ku vidiyo. Nditani kuti ndibweze ngongoleyi?

Yankho: Mayi, pepani, zimapweteka kuona thukuta lanu likupemphedwa ngati moto wa kwa aneba. Koma musaganize kuti anthuwo amalemekeza filimu kuposa nyimbo. Chimene amalipira ndi khomo. Ku vidiyo kuli mnyamata waima pakatani, wopanda ndalama salowa. GOtv mukapanda kulipira, chithunzi chimazima tsiku lomwelo. Nyimbo yanu ilibe khomo lotere: munthu waimva pa wailesi, mu minibasi, pa chinkhoswe, ndipo mnzake amuponyera pa foni mphindi imodzi isanathe. Filimu munthu amaikhalira pansi maola awiri, n'kumva kuti wagula chinthu. Nyimbo imamupeza yokha akuchapa.

Komanso dziwani kuti opanga mafilimu nawo akulira. Mafilimu a ku Nigeria ndi a ku India omasuliridwa m'Chichewa amakopedwa pa memory card m'timashopu ta pamsika, ndipo ndalama ya pakhomo imathera kwa mwini vidiyo. Amene anapanga filimuyo saona ngakhale tambala.

Kale oyimba ankadalira makaseti, ndipo sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inkagula nyimbo zawo n'kuzifalitsa dziko lonse. Msika umenewo unatha mafoni atabwera, choncho musakongolenso ndalama ina kuti musindikize ma CD ambirimbiri. Angokhala m'katoni kunsi kwa bedi.

Ndalama yanu ili pamene pali khomo, ndipo khomolo mukhoza kulikonza nokha. Konzani mwambo wokhazikitsa chimbale mu holo ya kutchalitchi, muitane makwaya awiri kapena atatu omwe ali ndi anthu awo owatsatira, ndipo pakhale mtengo wolowera. Werengerani kaye ndalama ya holo, zokuzira mawu ndi jenereta musanaike mtengowo, ndipo pakhomo muike munthu amene sachita manyazi ndi achibale. Pa mwambo wotere anthu amagula chimbale choyamba pa mtengo wokwera, chifukwa pamenepo akuthandiza inuyo pamaso pa anzawo. Nambala zanu za Airtel Money ndi Mpamba zilembedwe pa nsalu yaikulu kutsogolo. Mukaitanidwa kukayimba pa ukwati, tchulani mtengo ndipo mulandire theka tsiku lisanafike. Mawu oti "ndi ntchito ya Ambuye" asakutsekeni pakamwa, pakuti wa keke ndi wa galimoto alipidwa.

Pitani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, mukalembetse nyimbo zanu. Bungweli lakhalapo kuyambira 1992, ndipo limatolera ndalama ku mawailesi ndi malo ena oseweretsa nyimbo n'kugawira eni ake. Lamulo la 2016 linabweretsanso msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo, womwe umagawidwa kwa olembetsa. Wosalembetsa sapeza kanthu, ngakhale nyimbo yake ikulira tsiku lililonse.

Spotify, pulogalamu yomverera nyimbo pa intaneti, inafika kuno mu 2021, ndipo kuikako nyimbo n'kwabwino, makamaka pofuna Amalawi a ku Johannesburg ndi ku UK. Koma imalipira pang'ono kwambiri pa kumvera kumodzi, ndiye musaidalire pa ngongoleyi.

Opempha pa WhatsApp aja atumizireni nyimbo imodzi yokha, imene imakondedwa kwambiri, pamodzi ndi tsiku la mwambo wanu. Kenaka mukakambirane ndi amayi a ku banki m'khonde sabata ino, muwauze tsikulo, ndipo mupemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono chiwongoladzanja chisanakule.