Amuna anga ali ndi shuga, koma akudya mobisa

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Amuna anga amayendetsa takisi pamsewu wa ku Mwami. Chaka chatha anawapeza ndi matenda a shuga ndipo akumwa mapilisi. Kuyambira tsiku limenelo sindinagonepo tulo tabwino. Ndinasiya kugula ufa wa breakfast, ndimagayitsa mgaiwa. Nsima ndimawaikira mitanda iwiri, osati inayi ngati kale. Masiku ena m'mawa sindiwapatsa kanthu kuti shuga atsike. Ndimawakumbutsa tsiku ndi tsiku za amalume awo amene anadulidwa mwendo. Koma sakumva. Ndapeza mabotolo a zakumwa zotsekemera pansi pa mpando wa galimoto, ndi mapepala amafuta a vitumbuwa. Ndikawafunsa amangoti "wayambanso". Chimene anasintha paokha n'chakuti mu tiyi amathira masupuni awiri m'malo mwa anayi, koma zimenezo n'chiyani? Choipitsitsa ndi apongozi anga a ku Katete. Amabwera ndi chigubu cha thobwa lothira shuga, amauza mwana wawo kuti ndikumupha ndi njala, ndipo akuti asiye mapilisi amwe mizu. Sabata yatha anandinena pamaso pa ana kuti ndikufuna amuna anga afe kuti nditenge galimoto. Ndiitane ankhoswe, kapena ndingobwerera kwathu? Ndatopa.

Mayi wodandaula, Kapata

Mwana wanga,

Makalata onena za apongozi ndimalandira ambiri, ndipo sabata ino analipo ena owawa kuposa yanu. Ndasankha yanu chifukwa cha mzere umodzi umene mwaulemba mothamanga, ngati munthu wodumpha ngalande.

Za apongozi ndinena kamodzi. Wouza munthu wodwala shuga kuti asiye mapilisi akusewera ndi moyo wa mwana wake, ndipo kukunenani zoterozo pamaso pa ana ndi chipongwe. Sindiwaikira kumbuyo. Mawu amenewo ndi mlandu wa ankhoswe, aitaneni, ndipo woyenera kuletsa mayi ake ndi mwana wawo, osati inu. Koma apongoziwo amachokera ku Katete mwa apo ndi apo. Mabotolo a pansi pa mpando sanaikepo ndi iwo.

Tibwerere ku masupuni aja. Mwafunsa kuti "zimenezo n'chiyani?" Mundilole ndikuyankheni. Supuni yaing'ono imodzi imanyamula shuga pafupifupi magalamu 4. Masupuni awiri pa kapu imodzi tsiku lililonse, pakutha pa chaka ndi masupuni 730, pafupifupi makilogalamu 3 a shuga amene salowa m'thupi mwawo. Koma chimene chandigwira mtima si makilogalamuwo. Munthu amene wamwa tiyi wa masupuni anayi kuyambira ali mnyamata, ukamupatsa wa masupuni awiri amamva ngati madzi otsukira mbale. M'mawa uliwonse dzanja limafuna kubwerera m'chitini kachitatu, iwo n'kulibweza. Mwalemba nokha kuti anachita zimenezi paokha. Pa zonse zimene zasintha m'nyumba mwanu, ichi chokha ndicho chimene simunalamule, ndipo ichi chokha ndicho chimene sakuchizemba.

Mwamuna wosasamala za moyo wake sachita zimenezo. Amuna anuwo ali ndi mitima iwiri. Wina ukufuna kukhala ndi moyo, kuona ana akumaliza sukulu. Wina ukufuna botolo lozizira masana a mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, atadikira makasitomala pa boda kuyambira m'bandakucha. Mitima iwiri yonseyi ndi yawo, ndipo imakangana m'chifuwa mwawo inu musanatsegule pakamwa. Tsono taonani chimene chimachitika mukalankhula. Inu mumatenga mbali ya mtima woyamba ndi kuilankhula yonse: mudzafa, mudzadulidwa mwendo, ganizirani ana. Iwo amatsala ndi chiyani choti anene? Amatsala ndi mbali inayo: botolo limodzi silipha munthu, amalume anali ndi zawo, ndimagwira ntchito yolemetsa. Madzulo aliwonse mukuwachititsa kuti atchule ndi pakamwa pawo zifukwa zosasinthira, ndipo khutu loyamba kumva mawuwo ndi lawo lomwe.

Apa ndi pamene ndaimapo zaka zonse zimene ndakhala ndikulangiza mabanja: munthu amakhulupirira kwambiri zimene zatuluka pakamwa pake kuposa zimene zalowa m'khutu mwake. Aliyense amene anakokapo mbuzi kupita nayo pamsika amadziwa kuti ukalimbitsa chingwe, mbuzi imakhomerera miyendo pansi. Si kuti ikudziwa za mpeni wa kutsogolo, ikukana chingwecho. Munthu ndi woposa mbuzi, ali ndi ulemu wake woti auteteze, ndipo pa nkhani ya chakudya ulemuwo umakhala poyera. Kwathu kuno nsima si chakudya chabe. Mtanda umene mkazi amaika m'mbale ya mwamuna umanena malo ake panyumba. Mukamuchotsera mitanda iwiri ana akuona, popanda kukambirana, iye samva kuti "ndimakukonda, ndikufuna ukhale moyo". Amamva kuti wasanduka mwana wachinayi. Ndipo munthu wamkulu akamuyesa mwana, amakachita ukulu wake kumene simukumuona, ngakhale ukuluwo ukhale wa vitumbuwa viwiri.

Zimenezi si nzeru za pamphasa zokha ayi. Mu 1983 katswiri wa za maganizo wa ku America, William Miller, analemba za njira ina yolankhulira ndi anthu omwa mowa mwauchidakwa. Masiku amenewo alangizi ambiri ankakhulupirira kuti chidakwa uyenera kuchipanikiza mpaka chivomere. Miller anaona kuti mlangizi akamapanikiza, munthu amakana kwambiri, ndipo akamamvetsera modekha, munthuyo amayamba kutchula yekha zifukwa zosiyira. Kenako anagwirizana ndi Stephen Rollnick, ndipo mu 1991 anatulutsa buku lofotokoza njirayi, imene imadziwika kuti motivational interviewing. Lero anamwino ndi alangizi a kadyedwe m'mayiko ambiri amaiphunzira kuti azithandiza odwala shuga ndi BP. Chinthu chimodzi chimene awiriwa amachenjeza nacho alangizi ndi chilakolako chofuna kuwongola munthu pomwepo ukangoona kuti wakhota. Chilakolakochi chimachokera mu mtima wabwino, n'chifukwa chake n'chovuta kuchigwira. Ngati anthu ophunzira ntchito amafunika kuphunzitsidwa kudzigwira, nanji mkazi amene amagona pambali pa wodwalayo ndi kumamvetsera kupuma kwake usiku.

Inenso ndinadutsamo. Atandipeza ndi BP, namwino wina anandikalipira pamzere, anthu akumva, kuti azimayi a msinkhu wanga timadzipha tokha ndi mchere. Ananena zoona. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kumene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, ndipo ine ndinkapitirira kutali. Koma madzulo ake ndinaphika kapenta ndi kuthira mchere monga mwa masiku onse, mtima uli fwaa ndi manyazi. Patapita miyezi ndinakumana ndi namwino wina. Anayang'ana khadi langa, n'kundifunsa kuti, "Amai, inu mukuona kuti chikuvuta n'chiyani?" Anakhala chete. Ndinayamba kulankhula za ndiwo zosakoma, za alendo amene angandiseke, kenako osadziwa ndinapezeka ndikunena za mdzukulu wanga amene ndimafuna kudzamuvinira pa ukwati wake. Namwinoyo anangobwereza mawu anga: "Mukufuna kudzavina pa ukwati umenewo." Ndinalira. Palibe chatsopano chimene anandiphunzitsa tsiku limenelo, koma mbale ya mchere inachoka pamphasa sabata yomweyo, ndipo anaichotsa ndi ine.

Tsono ndikudzudzuleni, mwana wanga, pakuti ndikapanda kutero ndakunamizani. Kuwamana chakudya cham'mawa musiye mawa lomwe. Mapilisi ena a shuga, monga glibenclamide, ndiponso jakisoni wa insulin, amatha kutsitsa shuga mopitirira ngati munthu sanadye. Munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona chizungulire, ena amakomoka. Amuna anu amakhala pa chiwongolero, atanyamula ana a eni. Funsani kukiliniki ngati mankhwala awo ali m'gulu limeneli. Ndipo ganizirani: munthu wotuluka m'nyumba m'mimba muli pululu, akafika pa siteshoni n'kumva fungo la vitumbuwa, mukuyembekeza kuti achite chiyani? Ena mwa mapepala amafuta aja anayambira kukhitchini kwanu. Za mwendo wa amalume nazonso zikwane. Iwo anauona mwendowo ndi maso awo, mwina ndi iwo anawanyamula pa galimoto kupita nawo kuchipatala. Mantha ali nawo kale okwanira. Munthu wochita mantha kwambiri sasintha, amangotseka makutu kuti apeze tulo.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono ukaigogoda imabwerera m'chigoba, ndipo ukagogodanso imalowa mkati kwambiri. Mwagogoda chaka chathunthu. Masupuni awiri aja ndi nkhono imene inasuzumira inu mukuyang'ana kwina.

Sankhani madzulo amene palibe mbale patsogolo panu, ana atagona. Nenani zoona zokhazokha: "Bambo a ana, ndinaona kuti munachepetsa shuga mu tiyi, ndipo sindinanenepo kanthu. Munatha bwanji?" Mukatero tsekani pakamwa. Kudzakhala chete kowawa, mudzafuna kukudzaza ndi malangizo, koma limbani. Akayankha, bwezani zimene mwamva m'mawu anu, popanda kuwonjezapo "koma". Akati, "Pamsewu pamatentha, ndipo palibe china chogula," inu nenani, "Ndiye kuti masana ndi pamene pamavuta kwambiri." Musafunse mafunso a wapolisi, a inde kapena ayi, monga "mwamwanso?" Funsani ofuna nkhani: "Matendawa amakudetsani nkhawa pati?" "Mukanati musinthe chinthu chimodzi chokha mwezi uno, mukanasankha chiti?"

Pali kafunso kena kamene alangizi a njira imeneyi amagwiritsa ntchito, ndipo ndimakakonda. Mumafunsa kuti, kuyambira pa 0 mpaka 10, kusiya zakumwa zotsekemera n'kofunika bwanji kwa iwo. Akati 4, musati "bwanji osati 10?" pakuti adzakuwerengerani zopinga. Funsani kuti, "Bwanji 4, osati 1?" Kuti ayankhe funso limenelo ayenera kutchula okha chimene chikuwakoka kuti asinthe, kaya ndi ana, kaya ndi kutopa kumene amamva masana, kaya ndi kudzuka usiku kukataya madzi kangapo. Mawu amenewo ndi amene mwakhala mukuwalankhulira chaka chonse. Asiyeni atuluke mwa mwini wake.

Ngati muli ndi nzeru yoti mupereke, pemphani kaye: "Ndinganene chimene ndaganiza?" Akalola, nenani mwachidule, ndipo mufunse kuti iwo akuona bwanji. Mwina botolo la madzi ndi kathumba ka nshawa zokazinga m'galimoto, pakuti nshawa sitisowa kuno kum'mawa. Mwina ndiwo zamasamba zochuluka, chiwawa chotendera, therere, nyemba, kuti mbale idzaze ngakhale nsima yachepa. Mgaiwa munachita bwino, koma nawonso ndi chimanga, umakweza shuga ukachuluka, choncho za kuchuluka kwa mitanda mugwirizane awiri, ndipo ngati n'kotheka mukamve limodzi kwa mlangizi wa kadyedwe kuchipatala, iwo atavomera kuti mupite nawo. Nyumba yonse idye mofanana. Palibe chopweteka ngati kudya mbale ya wodwala ana ako akudya zina pambali.

Pali zinthu zimene simudikira kukambirana modekha. Bala la kuphazi losapola, maso kuona mwachimbuuzi, kukomoka, kapena mukadziwa kuti asiya mapilisi chifukwa cha mizu ija, pamenepo ndi kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo nenani mosabisa.

Kwanu musabwerere. Mwatopa chifukwa mwasenza matenda a munthu wina pamutu panu nokha, usiku ndi usana, ndipo mwiniwake mwamusiya wopanda chonyamula. Mawa m'mawa aphikireni tiyi, muwapatse ndi chakudya asanatuluke. Chitini cha shuga muchiike pafupi ndi iwo pamodzi ndi supuni, inu mupite mukaone ana. Mwezi ukatha mundilemberenso, mundiuze zimene anayankha pa funso lija la masupuni.

Azakhali anu