Za makina otsukira mbale za galamafoni: samalani kwambiri ndi madzi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zotheka kupanga nokha makina otsukira mbale za galamafoni zimene bambo anu anakusiyirani, komanso kumene mungapeze singano yatsopano. Za singano ayankha ena. Ine ndinena chabe za makina otsukira mbale aja opopa madzi, chifukwa ndi amene ndinapanga ndipo ndikugwiritsabe ntchito.

Nzeru yake si yachilendo. Keith Monks wa ku England anayamba kupanga makina otere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo BBC inali m'gulu la oyamba kuwagwiritsa ntchito. Mumanyowetsa mbale, n'kumasula litsiro ndi bulashi yofewa, kenako n'kupopa madziwo asanaume, kuti litsirolo lisabwererenso m'timizere modutsa singano. Makina ogula ngati a kampani ya VPI amapitirira madola 500, pamene opanga nokha ndalama yaikulu imapita pa vacuum cleaner (makina okoka fumbi) yokha, mwina pakati pa madola 50 ndi 100. Iyenera kukhala yolembedwa wet/dry, yomwe inapangidwira kumeza madzi. Ya fumbi lokha musaiyese, chifukwa madzi akafika ku mota imapsa, ndipo inu nomwe mukhoza kugwidwa ndi magetsi.

Zotsalazo n'zotsika mtengo. Pezani galamafoni yakufa, muchotseko chitsulo chozungulira chija pamodzi ndi chogwirira chake, muchimangire pa thabwa lolimba. Mota sikufunika, muzingozungulitsa ndi dzanja. Tengani paipi ya PVC ya mamilimita 20, mutseke kumapeto kumodzi, kwinako mulumikize ku vacuum cleaner, ndipo mucheke mpata wopyapyala wotalika pafupifupi masentimita 10, umene ndi mtunda wochokera m'mphepete mwa mbale yaikulu kufika pa pepala la pakati. Mbali zonse ziwiri za mpatawo mumatepo nsalu ya veleveti, ndipo muziiyang'ana nthawi iliyonse musanayambe ntchito, popeza ikangomatuka paipiyo imakanda mbale, ndipo chokandika sichikonzeka. Pepala la pakati mulitchinge ndi labala kuti lisanyowe. Popopa, kuzungulitsa kawiri n'kokwanira. Mukapitiriza pa mbale youma, imayamba kukoka fumbi yokha.

Pamene anthu ambiri amagwa ndi pa madzi. Ine ndinagulapo botolo la madzi othira m'batire pa shopu ina ya zipangizo za galimoto, lolembedwa bwinobwino kuti distilled (madzi ochotsedwa mchere wonse), koma mbale zitauma zinatuluka ndi timadontho toyera, ndipo singano itadutsa inatola zoyerayera kunsonga kwake, nyimbo ikungothetheka kuposa mmene inalili ndisanatsuke. Zikuoneka kuti wina anangodzaza madzi a pa mjigo m'botolo lakale. Choncho musanathire madzi alionse pa mbale, donthezani pang'ono pa galasi loyera, muwasiye aume okha. Pakatsala chizindikiro chilichonse, madziwo ali ndi mchere, atayeni. Onetsetsaninso kuti chivindikiro chili chomata ndiponso kuti sanakupatseni asidi wa batire, chifukwa mabotolo ake amakonda kukhala pa shelefu imodzi.

Pa magawo anayi a madzi ndimaikapo gawo limodzi la isopropyl alcohol, amene mungafunse ku famase. Spiriti wofiirira uja (methylated spirit) ali ndi utoto ndi zina zosakaniza zimene zimatsalira m'timizere, motero si woyenera. Ndaona ena pano akulangiza sopo wotsukira ziwiya ndi madzi a pampopi, ati mbale imawala. Kuwala imawaladi, koma mbale timaimvera ndi makutu. Chenjezo lina lalikulu ndi la mbale zolemera, zosachedwa kusweka, zozungulira maulendo 78 pa mphindi: zimenezo si za vinyl (pulasitiki wa mbale zinazi) koma za shellac (mtundu wa utomoni), ndipo alcohol amazisungunula. Muzipatule poyamba, muzitsuke ndi madzi okha ndi kuziumitsa msanga.

Mukamaliza, musabwezere mbale yoyera m'kathumba kake kakale ka pepala, chifukwa fumbi la zaka zonsezi lili momwemo. Pezani timathumba tatsopano, ndipo mbalezo muziziimika chilili pamalo osafika dzuwa, popeza zikasanjikizana kapena kutenthedwa zimapindika.