Funsani Amakaniko: Kutentha M'galimoto Zakale Zopanda Eyakoni

FUNSO: Ndili ndi Land Rover Series III ya 1978 imene ndimayenda nayo pakati pa Blantyre ndi Nchalo. Mu Okutobala mapazi amachita kupsa ngakhale mawindo onse ali otsegula. Ndalama za eyakoni ndilibe. Ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Nchalo

YANKHO: Bambo, mwatipatsa kale poyambira ponena kuti akupsa ndi mapazi. Moto umenewo si wa dzuwa la ku Chigwa cha Shire lokha ayi. Ukuchokera ku injini, giyabokosi ndi paipi ya ekizozi, ndipo ukulowera pansi.

Ngati galimotoyo ili ndi hita, yambani ndi iyo. Injini ikatentha, tsekani hita, mudikire pang'ono, kenaka mukhudze mosamala mapaipi awiri amphira opita ku hitayo. Onse awiri akakhala otentha kwambiri, valavu yake yatha, ndiye kuti madzi a madigiri 80 kapena kuposa akudutsabe mu hitayo tsiku lonse. Sinthani valavuyo, kapena ikani kampopi kotseka ndi dzanja pa paipi yolowetsa madzi. Mapaipi ambiri ndi a mamilimita 13 kapena 16, choncho yezani musanagule, ndipo ntchitoyi muigwire injini itazizira.

Kenaka sakani mabowo. Kukada, ikani tochi yoyaka pafupi ndi injini, tsekani boneti, inu mulowe m'kati ndi kusuzumira kunsi kwa dashibodi. Mudzaona timizere ta kuwala podutsa mawaya, pa mapedulo ndi pa chiwongolero, pomwe mphira zake zinauma n'kugwa kalekale. Podutsa kuwala mpamene pakudutsanso mpweya wotentha. Bwezerani mphirazo, osaiwala zotchinga patsinde pa ndodo za magiya, chifukwa zikang'ambika pamatuluka mpweya ngati wa mu uvuni.

Mabowo akatsekeka, yalani zotchinga kutentha: poyamba chomata cha mphira ya butyl chokhala ndi aluminiyamu, pamwamba pake siponji yosamwa madzi yokhuthala mamilimita 6 mpaka 10. Siponji ya matiresi kapena kapeti yakale musayikemo. Zimasunga chinyezi, pamene poponda mapazi pa Land Rover mpachitsulo chogwira dzimbiri msanga, ngakhale thupi lake ndi la aluminiyamu. Kunsi, pakati pa ekizozi ndi pansi pa galimoto, mangani lata laling'ono la aluminiyamu, musiye mpata wa mamilimita 15 mbali zonse. Mpatawo ndiwo umagwira ntchito. Lata likagunda ekizozi limangopatsira moto.

Tizitseko tiwiri tili kunsi kwa galasi lakutsogolo tizitseguka mpaka kumapeto, ndipo sefa yake muitsuke. Denga likhale loyera. Mukapeza denga lija la Safari, la malata awiri okhala ndi mpata pakati, ligwireni ndi manja awiri. Koma chitseko chakumbuyo musayende nacho chotsegula pofuna mphepo: chimakokera utsi wa ekizozi m'kati, ndipo mpweya wakupha umene uli mu utsiwo sununkha.

FUNSO: Peugeot 504 yanga ya injini ya malita awiri ikuyenda bwino. Ndikufuna eyakoni yeniyeni. Makaniko wina akuti n'zotheka, wina akuti injini izibwata. Woona ndani? Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Onse awiri akunena zoona, mayi. N'zotheka, ndipo ibwatadi ngati mungodumphira pa kompuresa musanakonze zina.

Chimene mukufuna ndi eyakoni yopachika kunsi kwa dashibodi. Ili ndi bokosi lokhala ndi evaporator (chiwiya choziziritsa mpweya), fani ndi valavu yake; palinso kompuresa yopopa gasi, kondensa yotaya kutentha kunja, botolo la drier lochotsa chinyezi m'gasi, switchi yoteteza pulesha, ndi mapaipi. Kompuresa imene ambiri amaika ndi Sanden 508, chifukwa siigwedeza injini ngati zija zakale za mapisitoni awiri za York. Imadya mphamvu ya mahatchi atatu mpaka asanu. Injini yanu, ya mahatchi oposa 90, izimva pokwera phiri koma ikwanitsa.

Vuto lili pa kondensa. Imakhala kutsogolo kwa rediyeta, choncho mpweya umafika pa rediyeta utatenthedwa kale. Rediyeta ya zaka 40 imakhala ndi timapaipi totsekeka ndi matope ndi dzimbiri. Ichotseni, akaitsegule ndi kuitsuka, ikakhala yodyeka aikemo mtima watsopano wa mizere itatu ya timapaipi. Sinthani chivindikiro chake ndi thermostat, kavalavu kotsegulira madzi opita ku rediyeta injini ikatentha. Ena amachotseratu thermostat poganiza kuti akuthandiza injini, koma kutero n'kubisa matenda. Ma 504 ambiri ali ndi fani yogwira ndi maginito madzi akatentha. Onetsetsani kuti ikugwiradi. Muwonjezere fani yamagetsi ya mainchi 12 kapena 14 kutsogolo kwa kondensa, yodutsa pa relay ndi fyuzi yakeyake. Popanda iyo, eyakoni imasiya kuziziritsa mukangoima pa mzere m'tauni.

Werengaraninso magetsi. Fani ya kondensa imakoka ma amp 10 mpaka 15, ya m'kati chimodzimodzi, kilachi ya kompuresa 3 kapena 4. Muphatikize nyali usiku. Alternator ya ma amp 35 singakwanitse. Ikani ya 60 kapena 70, pamodzi ndi waya wokulirapo wopita ku batire.

Chimene chimalephera kawirikawiri ndi chomangira kompuresa. Chikhale cha chitsulo cha mamilimita 6 kapena kuposa, chomangidwa pa injini malo atatu, ndipo mapule ayang'anizane ndendende. Gonekani rula yachitsulo pa mapule awiriwo. Pakaoneka mpata, lamba azilira, kudyeka mbali imodzi, mapeto ake kuduka.

Gasi wake ndi R134a ndi mafuta a PAG. R12 wakale uja analetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987. Asanathire gasi, amisiri apope mpweya wonse kwa mphindi zosachepera 30, kenaka adikire kuona ngati geji ikubwerera, chifukwa ikabwerera pali podontha. Gasi athire pa sikelo, mlingo umene wopanga zidazo analemba, umene kawirikawiri umakhala pakati pa magalamu 600 ndi 900. Wothira mongoyerekeza, kapena wofuna kuthiramo gasi wophikira, muchokepo. Kapaipi kotaya madzi a evaporator kabooleredwe kunsi kwa galimoto, apo ayi madziwo athera m'kapeti.

Poiyesa koyamba, kwerani nayo chitunda chachitali masana, maso ali pa geji ya kutentha. Singano ikayamba kukwera, zimitsani eyakoni.

FUNSO: Ndili ndi VW Beetle ya 1966. Ndaona pa intaneti mabokosi oikamo ayezi okhala ndi fani, ndi ena oziziritsa ndi madzi. Kodi amathandiza? Wowerenga wa ku Mangochi

YANKHO: Achimwene, la ayezi lisakudyereni ndalama. Kilogalamu imodzi ya ayezi ikamasungunuka imamwa kutentha kwa ma kilojoule 334. Eyakoni ya galimoto imachotsa ma kilojoule atatu kapena kuposa pa sekondi iliyonse. Ndiye makilogalamu asanu a ayezi akufanana ndi eyakoni yoyaka mphindi zosakwana 10. Bokosilo lingakupepeseni kumaso kwa kanthawi, koma galimoto yonse ayi.

Loziziritsa ndi madzi lili ndi mbiri yake. Ku America, asanafale ma eyakoni, ankapachika pa windo chitini chachitali chokhala ndi nsalu yonyowa m'kati, mphepo n'kumadutsamo. Chimagwira mpweya ukakhala wouma, monga mu Seputembala ndi Okutobala. Mvula ikangogwa, makamaka kunyanjako, chimangowonjezera chinyezi, thukuta osauma.

Eyakoni pa Beetle yanuyo sitikulimbikitsani. Injini yake imazizira ndi mpweya, mphamvu yake ndi yochepa, ndipo ya 1966 iyenera kuti ikadali ya mavoti 6, pamene zida za eyakoni ndi mafani ogulitsidwa lero ndi a mavoti 12. Werengani pa batire pansi pa mpando wakumbuyo musanagule kalikonse.

Chimene mungachite lero ndi kugona kunsi kumbuyo n'kuona tizitseko ta hita pa mabokosi awiri okuta ekizozi. Waya wake ukagwira dzimbiri, timatsala totsegula, mpweya wotentha n'kumatulukira kumapazi chaka chonse. Tithireni mafuta, mutikankhe titsekeke, ndipo mabokosiwo akakhala obooka muwasinthe chifukwa amalowetsa utsi. Timawindo ta ngodya zitatu ta pa zitseko titembenuzeni mpaka tiyang'ane kutsogolo kuti tizikokera mphepo pachifuwa. Pa mipando ya pulasitiki yalani nsalu ya thonje kapena mphasa ya mikanda yamitengo, ndipo poimika galimoto phimbani galasi lakutsogolo ndi chotchinga chonyezimira, mawindo mutawatsitsa masentimita awiri.