Mng'ono wanga anatuluka kundende ali munthu wina

Mayi, nkhani ya mwana wanu amene akudikira chigamulo pa mlandu woba foni yandidzutsira chilonda chakale. Mng'ono wanga anaba thumba limodzi la chimanga pa nthawi ya njala ya 2016, ali ndi zaka 19, ndipo unali mlandu wake woyamba. Mwini chimangacho anavomera kuti timubwezere, koma wapolisi amene ankaimira boma pa mlanduwo anakana kutimvera, ndipo majisitireti anagamula miyezi 9 osatifunsa n'komwe ngati mnyamatayo anali pasukulu, chonsecho lamulo limalola kuti wolakwa koyamba pa mlandu waung'ono apatsidwe chilango chogwira ntchito zothandiza anthu akugona kwawo.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndi lomwe ndinamutengera nsima patatha milungu itatu. Anatuluka akutsimphina, miyendo itatupa chifukwa chogona shamba, kutanthauza kugona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake mpaka kucha. Mphere zinali zitamugwira m'manja monse. Anandilanda kontenayo n'kuyamba kudya ali chiimire, osasamba m'manja, kenaka anasiya theka n'kundinong'oneza kuti ndi la nyapala, mkaidi wolamulira anzake m'chipindamo, chifukwa akapanda kumupatsa amuika pafupi ndi ndowa usiku. Msilikali wa pachipata anali atavundula ndiwozo ndi kamtengo n'kundiuza kuti mbava siyenera kudya nkhuku. Munthu ameneyo sindinamukhululukire mpaka lero.

Khoti linagamula kale mu 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma, kuti kupanikizana kwa m'ndende zathu n'kuzunza anthu, koma mu 2016 ine ndinakuona ndi maso anga. M'chipinda chimene mng'ono wanga ankagona munali anthu othyola nyumba ndi zikwanje, ndipo ndi iwowo amene anamuphunzitsa, pakuti za ukalipentala zimene timamva kuti amaphunzitsa kundende sanazione. Atatuluka, kumudzi ankamunena nthawi iliyonse nkhuku ikasowa, olemba ganyu ankamukana, ndipo chaka chisanathe anathyola golosale limodzi ndi mnzake amene anadziwana naye m'kati momwemo. Ulendo wachiwiriwo anapatsidwa zaka 4.

Pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, chigamulo chisanaperekedwe, mutenge kalata ya kusukulu kapena ya amfumu, ndipo mwanayo akapatsidwa mpata wodandaula atchule zaka zake, anene kuti ndi koyamba komanso kuti foniyo inabwezedwa. Komabe musamunyengerere kwambiri. Ife tinkabisa tizinthu timene mng'ono wanga ankatola pakhomo, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti akanagona m'chitolokosi cha polisi usiku umodzi ali ndi zaka 15, mwina sakanafika ku chimangacho. Mwana wanuyo akapatsidwa ntchito yosesa pachipatala kapena pasukulu, muzimuperekeza nokha m'mawa uliwonse, chifukwa akajomba akhoza kumutengera kundende komweko.