Musasaine musanaone buku la malamulo a ntchito

Achemwali, funso lanu ndaliona m'mawa koma ndimati ndiyambe ndakhala pansi, chifukwa si nkhani yoyankha ndi mizere iwiri. Mwati mwalandira kalata yokulembani ntchito ya uphunzitsi pa yunivesite ya Katolika, kontirakiti ya zaka 3, probeshoni ya miyezi 6. Inuyo ndinu a Seventh Day. Mukuopa kuti azikakukakamizani kupita ku Misa, mwamva mphekesera zoti kumeneko munthu amachotsedwa ntchito chifukwa cha nkhani za m'banja, ndipo kalatayo ikuti mudzatsatira "conditions of service", buku la malamulo a ntchito limene sanakupatseni.

Ine ndine Mkatolika wobatizidwa ndili khanda, ndipo ndinagwirapo ntchito mu ofesi yoona za ogwira ntchito pa koleji ina ya mpingo, dzina ndisiye. Sindine loya. Koma mafayilo a anthu ndinawagwira ndi manja angawa, ndipo ndikuuzeni kuti mwa zinthu zitatu mwatchulazo, chimene mwachiika kumapeto ndicho chachikulu. Za Misazo ndi zazing'ono.

Tiyambe ndi zazing'onozo kuti mtima ukhale m'malo. Yunivesite ya Katolika, kaya ya ku Nguludi ku Chiradzulu imene maepiskopi anaikhazikitsa mu 2004 n'kuyamba kuphunzitsa mu 2006, kaya ya DMI ku Mangochi, kaya ya ku Nairobi, imayendera chikalata chimene Papa John Paul II anatulutsa pa 15 August 1990, chotchedwa Ex Corde Ecclesiae. Chikalatacho chimasiyanitsa anthu awiri. Mphunzitsi wa Chikatolika akhale wokhulupirika ku chiphunzitso cha mpingo. Mphunzitsi wa mpingo wina achilemekeze pophunzitsa ndi pochita kafukufuku. Kulemekeza, osati kutembenuka. Chimanenanso kuti ufulu wa chikumbumtima cha munthu aliyense ulemekezedwe kwathunthu, ndiponso kuti munthu auzidwe za Chikatolika cha sukuluyo pa nthawi imene akumulemba ntchito. Mwaona? Kukufotokozerani zimene akuyembekeza kwa inu ndi udindo wawo, mpingo womwewo unawalamula. Inde, muli mzere wonena kuti aphunzitsi osakhala Akatolika asachuluke kuposa Akatolika, koma mzere umenewo ukuvomereza kale kuti enanu mulipo. Amene amafunika chilolezo chapadera cha episkopi ndi ophunzitsa maphunziro a zaumulungu basi. Ngati inu mukukaphunzitsa akaunti kapena social work, sizikukukhudzani.

Zimene mukaone ndi izi: mtanda pakhoma la kalasi, pemphero poyamba miting'i, Misa yotsegulira chaka cha maphunziro. Misa imeneyo pitani, monga mmene mumapitira ku maliro a mpingo wina kumudzi. Anthu akaima imani, akamapita kukalandira Ukaristia inu khalani pa benchi, palibe adzakuyang'aneni kawiri. Chimene sangachilole ndi kusandutsa kalasi kukhala malo onyozera Apapa kapena Amayi Maria. Ndikhulupirira simukupitira zimenezo.

Tsopano Sabata. Apa ndiye pamene ndikufuna muchenjere, ndipo ndikuuzani nkhani.

Kumene ndinkagwira kuja kunabwera bambo wina wa mpingo wanu womwewo, mphunzitsi wabwino zedi. Pa intavyu ananena poyera kuti Loweruka sagwira ntchito. Bambo mfumu amene anali mkulu wa koleji nthawi imeneyo anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musadandaule, pano ndife banja limodzi." Ndipo anasungadi mawu awo. Zaka ziwiri zinadutsa dzina la bambo uja osaoneka pa timetable ya Loweruka. Kenaka ansembe aja anasamutsidwa, monga mmene ansembe amasamutsidwira, kalata imodzi yochokera kwa akuluakulu, Lolemba galimoto yanyamula mabuku. Mkulu watsopano anapeza makalasi a kumapeto kwa sabata akusowa aphunzitsi. Bambo uja atalowa mu ofesi kukadandaula, ndinaitanidwa kuti ndibwere ndi fayilo yake. Ndikukumbukira mkuluyo akutsegula pepala lililonse mofatsa, kalata yofunsira ntchito, masatifiketi, kontirakiti, fomu ya penshoni. Atafika pa chikuto chomaliza anakweza maso n'kufunsa, mopanda nkhanza n'komwe, "Nanga zalembedwa pati?" Panalibe. Kontirakiti inkati adzagwira ntchito masiku ndi maola amene koleji idzakonze. Semesita imeneyo anadalira chifundo cha anzake osinthana nawo makalasi, ndipo chaka chisanathe anasiya yekha.

Palibe amene anali woipa pa nkhani imeneyi, n'chifukwa chake imandipweteka mpaka lero. Ku ntchito za mpingo anthu timachita manyazi kupempha pepala. Umaona ngati ukanena kuti "Bambo, mundilembere zimenezo," ndiye kuti ukuwayesa abodza. Koma munthu amasamuka, fayilo imatsala. Mayunivesite ambiri masiku ano ali ndi makalasi a Loweruka a anthu apantchito, ndipo mayeso, mwambo wa graduation, ngakhale misonkhano ya aphunzitsi zimatha kugwera tsiku lomwelo. Choncho pemphani mzere umodzi m'kalata yanu, kapena kalata yapadera yosainidwa ndi a Registrar, yonena kuti kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa simudzapatsidwa ntchito, ndi kuti maolawo mudzabweza motani. Mukhoza kudzipereka kutenga makalasi a madzulo kapena a Lamlungu ngati alipo. Akakana, mwadziwa lero, musanasiye kumene muliko.

Bwerani ku buku lija. Kalata ikanena kuti mudzatsatira malamulo a ntchito a yunivesite, bukulo lasanduka gawo la kontirakiti yanu. Kusaina musanaliwerenge n'chimodzimodzi kudinda chala pa pepala lopinda. Lipempheni, si chinsinsi, ndipo wolemba ntchito wolongosoka sakhumudwa nazo. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limati abwana akupatseni zolembedwa za ntchito yanu pasanathe mwezi chiyambireni, koma inu musadikire mweziwo.

Mukalipeza, muliyerekeze ndi lamulo la boma, chifukwa kukhala sukulu ya mpingo sikuichotsa pansi pa lamulo limenelo. Buku lawo likhoza kupereka zoposa, silingapereke zochepera. Tchuthi cha pachaka ndi masiku osachepera 15 ngati mumagwira masiku 5 pa sabata, 18 ngati mumagwira masiku 6. Mukakwanitsa miyezi 12, tchuthi chodwala ndi masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka, muli ndi kalata ya dokotala. Tchuthi chokabereka ndi masabata osachepera 8 pa malipiro onse m'zaka 3 zilizonse, ndipo kuyambira pamene lamuloli linakonzedwanso mu 2021, abambo nawo ali ndi masabata 2, pomwe mayi woyamwitsa ali ndi mphindi 30 kawiri pa tsiku kwa miyezi 6. Kwa aphunzitsi funsani ngati tchuthi cha pachakacho mumasankha nokha nthawi kapena chimamezedwa ndi holide ya ophunzira, pamene inu muli kalikiliki kuchonga mayeso.

Probeshoni ya miyezi 6 ili m'malamulo, malire ndi miyezi 12. Choopsa chake n'choti pa nthawi imeneyo mbali iliyonse ikhoza kuthetsa ntchito popanda notisi. Ndiye funsani kuti amene adzakuyeseni ndani, a HOD (mkulu wa dipatimenti yanu) kapena a Dean amene ali pamwamba pawo, ndipo adzayang'ana chiyani. Miyeziyo ikatha, musangoti poti malipiro akubwera ndiye zatheka. Kumbutsani mpaka mulandire kalata yokutsimikizani. Ndinaonapo munthu ali m'chaka chachiwiri, fayilo yake ikusonyezabe kuti ali pa probeshoni chifukwa chakuti komiti sinakumane.

Kontirakiti ya zaka 3 ili ndi funso limodzi: zikatha chimachitika n'chiyani? Amakuuzani miyezi ingati isanathe ngati akuwonjezera kapena ayi? Pali gratuity, ndalama imene munthu amapatsidwa kontirakiti ikatha, ndipo amawerengera bwanji? Dziwaninso kuti gawo 28 la lamulo lija limati kontirakiti ya nthawi yoikika ikamagwiritsidwa ntchito podzaza mpando wokhazikika wa ntchito ya tsiku ndi tsiku ya pamalopo, imatengedwa ngati ntchito yopanda malire a nthawi. Si chinthu chokaopsezera nacho anthu tsiku loyamba, ingochisungani. Za penshoni, abwana amaika ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5 peresenti. Kuona kuti adula pa payslip sikokwanira. Pakapita miyezi ingapo pemphani sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo muone ngati ndalama zikufikadi. Zimenezi ndimauza aliyense, wa ku mpingo ndi wa ku kampani yemwe.

Nkhani za m'banja zija. Malamulo a mpingo, pa nambala 810, amati aphunzitsi a yunivesite ya Katolika akhale odziwa ntchito komanso a moyo wolongosoka, ndipo ngati sizili choncho achotsedwe motsata ndondomeko yolembedwa m'malamulo a sukuluyo. Mbali inayi, gawo 57 la lamulo la boma limatchula chipembedzo, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wa m'banja pakati pa zinthu zimene si zifukwa zochotsera munthu ntchito, ndipo kuchotsa mayi chifukwa cha pakati ndi mlandu. Pakati pa ziwirizi pamakhala mawu ena otambalala m'buku lija, onena za khalidwe loipitsa mbiri ya sukulu. Mawu amenewo awerengeni kawiri, ndipo funsani zitsanzo. Maganizo anga ndi awa: zoti munthu sanadalitse ukwati kapena banja lake linatha, sukulu ilibe nazo gawo ngati munthuyo akugwira ntchito yake. Koma chibwenzi ndi wophunzira, kugulitsa magiredi, kutulutsa mayeso, kubwera m'kalasi utaledzera, apo sindingaikire kumbuyo aliyense. Ndipo pa nkhani yovutitsa ophunzira kapena anzanu apantchito pofuna zachisembwere, Gender Equality Act ya 2013 ilipo, mufunse ngati ali ndi ndondomeko yake yolembedwa komanso kuti munthu amakadandaula kwa yani ngati wolakwayo ndi bwana wake.

Zikavuta, ndondomeko ndiyo imapulumutsa. Lamulo limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe: chifukwa chomveka chokhudza khalidwe, luso kapena zosowa za pantchito, ndi mwayi woti adziteteze. Ine ndinkalemba maminitsi pa milandu yotere. Amene ankatuluka bwino sanali olankhula mokweza kapena olira, anali obwera ndi envulopu. Mayi wina ankanenedwa kuti anachedwetsa magiredi a kalasi yonse. Anangotulutsa kabuku kake ka chikuto chofiira kamene sekilitale anasainamo tsiku limene analandira mapepalawo, n'kukaika pa tebulo. Mlandu unathera pomwepo, tiyi asanabwere. Choncho mukadzalandira kalata yokuitanani, onani ngati mlandu walembedwa momveka, pemphani nthawi yokonzekera ndi umboni umene ali nawo, funsani ngati buku likulola kubwera ndi mnzanu, ndipo yankhani molemba, kopi musunge kunyumba osati mu kompyuta ya ku ofesi. Wina akadzakunong'onezani kuti "ingolembani kalata yosiya nokha kuti mbiri yanu isaipe," musalembe tsiku lomwelo. Mukachotsedwa ndipo mukuona kuti sizinayende bwino, muli ndi miyezi 3 yokadandaula ku leba ya m'boma lanu, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, ndipo ndi abwana amene amayenera kupereka chifukwa chimene anakuchotserani. Anthu ambiri amataya miyezi itatuyo akudikira kuti aonane ndi Ambuye Episkopi. Lembani apilo ya m'kati, inde, koma kalendala ikhale m'manja.

Mwina mukuti kufunsa zonsezi kukuonetsani ngati munthu wovuta musanayambe n'komwe. Mukawayankhe ndi chiphunzitso chawo chomwe, mwaulemu. Kuyambira pa Papa Leo XIII mu 1891 mpingo wakhala ukulankhula za malipiro oyenera ndi ufulu wa antchito wokhala ndi mabungwe awo, John Paul II anabwerezanso mu 1981, ndipo kalata ya maepiskopi athu ya mu March 1992 ija, imene inagwedeza dziko lino, inakhudzanso za malipiro a anthu wamba. Lamulo la mpingo nambala 1286 limalamula oyang'anira chuma cha mpingo kutsatira mosamala malamulo a ntchito a dziko ndi kulipira antchito malipiro achilungamo okwanira iwo ndi mabanja awo. Ansembe ambiri nambala imeneyi amaidziwa bwino. Ena amangofunika kukumbutsidwa.

Kunena chilungamo, ine zaka zimene ndinagwira kumeneko sindidandaula nazo. Mayi anga atamwalira, asisitere awiri ndi dalaivala anafika kumudzi usiku ndi thumba la ufa, anachezera nafe mpaka m'mawa. Umunthu wotero ulipodi, ndipo mwina mukaupeza. Kungoti sulowa m'malo mwa siginecha.

Lolemba lembani imelo kwa a Registrar kapena a HR, yaifupi. Thokozani chifukwa cha mwayiwo, nenani kuti ndinu wokonzeka kubwera, kenaka pemphani buku la malamulo a ntchito, chiwerengero cha makosi ndi maola ophunzitsa pa semesita, ndi yankho lolembedwa pa nkhani ya Sabata. Ngati anakupatsani tsiku lomaliza kuvomera, pemphani akuwonjezereni masiku ochepa kuti muwerenge. Kalata yosiyira kumene muliko ikhale kaye mu diloo mpaka yankho libwere.