Za ulendo wa tsiku limodzi wopita ku Machu Picchu wapansi

Mwafunsa ngati munthu amene ali ndi tsiku limodzi lokha angayende panjira yakale ya mtundu wa Ainka mpaka ku mzinda wawo wakale wa Machu Picchu, m'dziko la Peru, komanso ngati amene anakwerapo phiri la Mulanje angakwanitse. N'zotheka ndithu, ndipo ine ndimaona kuti njira yaifupiyi ndi imene imayenerera anthu ambiri kusiyana ndi ya masiku anayi, yomwe imadutsa pampata wa Warmiwañusqa, pamtunda wa mamita 4,215.

Mumanyamuka pasitima yapamtunda m'mamawa ku tauni ya Ollantaytambo n'kutsikira pamalo a panjanji otchedwa Kilomita 104, pomwe mumawoloka mtsinje wa Urubamba, alonda n'kuona ngati dzina la pachilolezo chanu likufanana ndi la papasipoti. Mabwinja a Chachabamba ali pompo. Kuchoka apo ndi chikweza cha maola pafupifupi atatu, malo ambiri opanda mthunzi, choncho madzi akumwa, chipewa ndi mankhwala othamangitsa tizilombo toluma musaiwale. Thukuta lonselo limaiwalika mukafika pa Wiñay Wayna, pamene minda ya masitepe yomangidwa ndi miyala imatsetsereka m'mbali mwa phiri motsatizana, ndipo madzi akuyendabe m'ngalande zimene amisiri anasema m'zaka za m'ma 1400. Pamenepa musapupulume, ngakhale wokutsogolerani atamayang'ana wotchi. Kenako njira imalowa m'nkhalango, ndipo kutatsala pang'ono kufika pachipata chamiyala chotchedwa Inti Punku pali masitepe oimirira kwambiri moti ambiri amakwera chokwawa. Pachipatapo m'pamene mumauona koyamba mzinda wa Machu Picchu uli m'munsi. Mtunda wonse ndi makilomita pafupifupi 12.

Kunena za mphamvu, malo okwera kwambiri panjirayi ndi mamita pafupifupi 2,700, osafika pa Sapitwa, yemwe ndi mamita 3,002. Chovuta ndi mzinda wa Cusco umene mumafikira, chifukwa uli pamamita pafupifupi 3,400, ndipo alendo ambiri amamva mutu ndi phuma. Ndi bwino kupumulako masiku awiri musanayambe ulendo.

Simungaloledwe kuyenda nokha, koma kudzera ku kampani yovomerezeka ndi boma, ndipo popeza zilolezo n'zowerengeka, lembetsani kudakali miyezi ingapo. Mvula kumeneko imagwa nyengo yofanana ndi kwathu kuno, ndipo mwezi wa February njirayi amaitseka kuti aikonze.