Za nyeleti ya pamsana imene mng'ono wanu akuiopayo

Asisi mwafunsa za mng'ono wanu amene amuuza kuti adzachira ndi siza (opaleshoni yotulutsa mwana) ku chipatala cha Chipata Central sabata yamawa, ndiye akukana nyeleti ya pamsana, ija yochititsa dzanzi kuchokera m'mimba kutsika, ati apongozi ake amuuza kuti imapuwalitsa miyendo komanso msana umawawa mpaka kukalamba, iye akufuna angomugoneka tulo basi. Makomenti ndawawerenga onse, ena akungothira mantha pamwamba pa mantha, ndiye lekani ndiyankhe motalikirapo. Ine ndimagwira ntchito ku fiyeta, mbali ya ogoneka odwala.

Nyeleti ija silasa mtsempha waukulu wa msana ai. Kwa munthu wamkulu mtsempha umenewo umathera m'mwamba ndithu, cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, ife timalasa m'munsi mwake pamene pali timadzi chabe ndi timitsempha toyandama. Mayi amakhala pa bedi, awerame akumbatire pilo, chibwano pachifuwa, timupake mankhwala ozizira aja kumsana, kenako kanyeleti kopyapyala kalowe. Mankhwala ake ndi bupivacaine, osadzaza ndi kasupuni ka tiyi komwe. Pakangopita mphindi zochepa amati miyendo ikufunda, kenako ikulemera ngati yamangiriridwa thumba la chimanga, timuuze kwezani mwendo alephere, apa ndi pamene ambiri amayamba kulira kuti zija ananena apongozi zija ndi izi. Koma ndi mmene mankhwalawo amagwirira ntchito, pakatha maola awiri, atatu, nthawi zina anayi, zala zakuphazi zimayamba kugwedezeka ndipo zonse zimabwerera. Amamva kukoka ndi kukankha m'mimba koma osati kupweteka, ndipo mwana akalira amamumva yekha ndi makutu ake.

Njira imeneyi si ya manje manje. Dokotala wa ku Germany dzina lake August Bier anaiyamba mu 1898 ku Kiel, mpaka iye ndi womuthandiza wake anayeserana okha. Miyendo sinapuwale, chimene chinawagwira ndi mutu, Bier anagona nawo masiku 9. Mutu umenewo ulipobe mpaka lero ngakhale wachepa kwambiri chifukwa manyeleti a masiku ano ndi opyapyala. Mumauzindikira chonchi, munthu akakhala tsonga kapena kuimirira mutu umalasa mpaka kukhosi, akagona chagada umaleka. Akaona zimenezo anene, nthawi zambiri umatha pa masiku ochepa. China chimene chimachitika kawirikawiri ndi BP kutsika atangolasidwa, mseru, chizungulire, n'chifukwa chake timayamba taika dripu ndipo mankhwala okwezera BP amakhala ali kale m'manja.

Za kupuwala, ku Britain anachita kuwerenga dziko lonse ndipo lipoti linatuluka mu 2009. Pa manyeleti apamsana pafupifupi 700,000 a chaka chimodzi, anthu amene anavulala mpaka kalekale sanapitirire 30, ndipo azimayi obereka ndi amene anali ochepa kwambiri pa gulu limenelo. Sindinganene kuti sizichitika, koma n'zosowa zedi. Za msana kuwawa zaka ndi zaka, ofufuza atayerekeza azimayi amene analandira epidural, mtundu wina wa nyeleti yapamsana, ndi amene sanalandire, anapeza kuti odandaula msana ndi ochuluka mofanana mbali zonse ziwiri. Pamalo polasidwapo pamatha kuwawa masiku angapo, inde. Koma mimba yeniyeniyo imakoka msana miyezi 9, kenako mwana kumbuyo, ndowa pamutu, khasu m'munda mwa nshawa, ndiye zonsezo mlandu wake upite kwa kanyeleti kamodzi?

Tulo akufunato ndi tovuta kwambiri kwa mayi wapakati. Kukhosi kwake kumakhala kotupirapo ndiye kulowetsa paipi yopumira kumavuta, mpweya umamuthera msanga, komanso zam'mimba zimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo ali mtulo. Dokotala wina ku New York, Curtis Mendelson, analemba za zimenezi mu 1946 ataona azimayi obereka akudwala mapapo, ena kumwalira, chifukwa chokokera masanzi. Lamulo loti osadya maola 6 usanalowe ku fiyeta likuchokera kumeneko, si nkhanza za manesi ai. Ndiye chonde abale, osamubisira kaphala m'chitenje ati apeze mphamvu, ndipo ngati wadya anene kuti wadya. Tulo timagwiritsabe ntchito pamene pafunika, monga mayi akutaya magazi kwambiri kapena magazi ake sakuundana bwino, koma amene amaona zimenezo ndi womugonekayo atamuyeza.

Manje chimene ine ndikanakonda banja lanu liziopa ndi china. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wamkulu, African Surgical Outcomes Study, wotsogoleredwa ndi Prof Bruce Biccard wa ku Cape Town, anatsata odwala oposa 11,000 m'maiko 25 a mu Africa muno. Anapeza kuti odwala athu ndi achichepere komanso athanzi kuposa a kwina koma amamwalira kawiri kuposa mmene zimakhalira padziko lonse, ndipo pafupifupi onse anamwalira osati pa tebulo la opaleshoni koma masiku otsatira, atabwerera kale ku wodi. Atayang'ana azimayi a siza paokha anapeza kuti imfa ndi zochuluka pafupifupi ka 50 kuyerekeza ndi maiko olemera, ndipo kutaya magazi ndi kumene kunali patsogolo. Ku fiyeta munthu mmodzi amazunguliridwa ndi anthu angapo, kachipangizo ka pachala kakulira tii tii kuonetsa mpweya ndi kugunda kwa mtima, BP ikuyezedwa pafupipafupi. Akafika ku wodi usiku nesi mmodzi ali ndi mabedi ambirimbiri, sangakhale pa bedi lililonse nthawi imodzi.

Ndiye amene adzakhale bedisaida asakhale wa tulo kapena wamanyazi. Aziyang'ana pansi pa bulangeti, osati kumaso chabe. Ngati thewera kapena chitenje chikunyowa magazi msanga n'kusintha china n'kunyowanso, pakutuluka zibuma zazikulu, mimba ikufufuma, manja akuzizira, thukuta, milomo ndi m'maso mwayera, akupempha madzi pafupipafupi, akupuma mothamanga, kapena akungosinza osayankha bwino, pitani kwa anesi nthawi yomweyo, akachedwa pitaninso. Kathumba ka mkodzo nako kaziyang'anidwa, kakakhala kopanda kanthu maola angapo nenani. Mayi amene wangoti zii atachitidwa opaleshoni si nthawi zonse amakhala akupumula.

Pa ululu napo azimayi athu amalimba mtima mopyola, ati ndisaoneke wamantha. Nyeleti ikatha mphamvu bala limawawa ndithu, ndipo pali paracetamol, diclofenac, pena pethidine kapena morphine, amapatsa mosakaniza kuti aliyense asachuluke. Apemphe ululu usanafike pomuliritsa, chifukwa amene ululu wamugwira satsokomola, sadzuka kuyenda, kuyamwitsa kumamuvuta, ndipo kugona malo amodzi nthawi yaitali kumabweretsa chibayo ndi magazi kuundana m'miyendo.

A ku fiyeta akadzamufunsa dzina kawiri katatu, wabwerera chiyani, pali mankhwala amene amamutulutsa ziwengo, asakwiye kuti anthu awa sawerenga fayilo. Mafunso amenewa ndi ndondomeko ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ya mu 2008, ataiyesa m'zipatala 8 kuphatikizapo cha ku Ifakara ku Tanzania, imfa zinatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 pa odwala 100 alionse. Pomwepo anene zonse zimene akumwa, a BP, a shuga, ma ARV, aspirin, ngakhale zachikuda monga mwanamphepo ngati agogo anamupatsa, palibe amene adzamuthamangitse. Atenge kadi lake la sikelo, afunse kuti HB yake, mlingo wa magazi m'thupi, ili pati komanso ngati magazi a gulu lake alipo, ndipo womugonekayo akabwera kudzamuona opaleshoni isanachitike amuuze poyera kuti akuopa nyeleti, apongoziwo ngati alipo nawonso amve nawo.